Mwamanga Nyumba Pakati pa Tchire? Lambulani Ogasiti Asanafike

Inu amene mukumanga pa mapuloti atsopano m'mphepete mwa Lilongwe, Blantyre, Zomba kapena Mzuzu, tayang'anani puloti yoyandikana ndi yanu. Nthawi zambiri mwini wake sanayambe kumanga, ndipo tsekera wafika m'mapewa. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba udzu umenewu umakhala utauma gwa. Osaka mbewa akangoyatsa mbali ina, moto wolusa umafika pakhomo panu musanatunge n'komwe ndowa yachiwiri.

Ambiri amandiuza kuti nyumba ya njerwa ndi malata siingapse. Abale anga, imapsa. Kawirikawiri chimene chimayatsa nyumba si malawi aakulu aja, koma timakala ndi tizidutswa ta udzu woyaka timene timauluka ndi mphepo n'kukatera pa zinthu zouma zimene mwaunjika nokha. N'chifukwa chake mita imodzi ndi theka kuzungulira khoma ndi pamene ndimakakamira kwambiri. Pamenepa pasakhale nkhuni, matumba a makala, mapesi kapena matabwa amene amisiri anasiya. Pakhale dothi losesa, timiyala kapena simenti. Masamba ogwera padenga achotsedwe. Mpanda wa tsekera wogunda khoma umautengera moto mpaka pa zenera, choncho usiyeni patali kapena mbali yoyandikira nyumbayo muimange ndi njerwa.

Kupitirira apo, tchetchani udzu ndi chikwakwa mpaka mamita 10, ndipo muuwole. Udzu wotchetcha n'kuusiya pomwepo umayaka bwino lomwe. Ku California, m'dziko la America, kumene moto wolusa umawononga nyumba zambiri, lamulo limafuna malo osamalidwa okwana mamita pafupifupi 30. Mapuloti athu ambiri safika pamenepo, ndiye nkhaniyi njofunika kugwirizana ndi anansi. Ngati nyumba ili potsetsereka, monga m'mbali mwa Soche, Michiru kapena phiri la Zomba, lambulani kwambiri chakumunsi chifukwa moto umathamanga pokwera.

Sindikunena kuti mudule mitengo, ayi. Zimandiwawa kuona puloti itametedwa mpala chifukwa cha mantha. Sadzani nthambi zam'munsi kuti moto wa pansi usakwere, ndipo nthambi isatsamire denga. Bulugamu ndi paini zikhale kutali, pakuti masamba ndi makungwa ake sachedwa kuyaka. Pafupi dzalani nthochi, mango ndi mapeyala.

Kambiranani ndi amfumu kuti mulambule ndi makasu njira yotchinga moto pakati pa nyumba ndi tchire, ndiponso kuti eni mapuloti osamanga azitchetcha. Ngati pakufunika kutentha, chitani mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse, madzulo opanda mphepo, muli ambiri, nthambi zaziwisi ndi madzi zili pafupi. Amene mwachita malire ndi nkhalango yotetezedwa, yambani mwaonana ndi a zankhalango, chifukwa lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kuyatsa moto m'menemo popanda chilolezo.