Momwe mungasankhire pulosesa ya laputopu yopezeka pamsika komanso yosafooka ndi kutentha

Ambiri tikamagula laputopu maso amathamangira pa kasitika kali m'munsi mwa kiyibodi. Pakalembedwa Core i7 kapena Ryzen 7, mtima umakhala pansi, ndalama n'kutuluka. Madandaulo amadzayamba pakapita milungu: fani siikuleka kulira, kunsi kwa laputopu sikukugwirika, ndipo ntchito imene imayamba mwaliwiro ikufika pochita kukwawa. Nthawi zambiri wolakwa si pulosesa, kachipangizo kamene kali ngati ubongo wa kompyuta, koma thupi limene anaiikamo. Ena vuto lawo ndi lina: anasankha pulosesa yabwino ataiwerenga pa intaneti, koma miyezi ikutha laputopu yake osaiona m'sitolo.

Musanayambe, dziwani kuti pulosesa ya laputopu simudzaisintha. Kuyambira cha mu 2015, pafupifupi mapulosesa onse a malaputopu amawotchereredwa pa bodi yaikulu, mosiyana ndi kompyuta yapatebulo imene mumatha kuzula pulosesa n'kuikamo ina. Imene mwagula nayo ndi yomweyo mpaka laputopu idzathe. N'chifukwa chake nkhaniyi ndi yofunika kuifatsira.

Choyamba: ntchito yanu ndi yotani, ndipo imatenga nthawi yaitali bwanji?

Osangofunsa kuti ntchito ndi yolemera kapena yopepuka. Funsani kuti pulosesa imalimbana nayo kwa masekondi kapena kwa maola. Kulemba mu Word, kutsegula masamba a intaneti, kuwerengera mu Excel ndi misonkhano ya pa Zoom zimafuna mphamvu pang'onopang'ono, pulosesa n'kumapumira pakati. Kukonza mavidiyo, kujambula mapulani a 3D, kusewera magemu akuluakulu ndi kumanga mapulogalamu aakulu zimaipanikiza mosalekeza. Gulu lachiwirili ndi limene kutentha kumalivutitsa. Ngati muli m'gulu loyamba, pulosesa yamphamvu kwambiri idzangokudyerani batire ndi kukuotchani miyendo popanda phindu looneka.

Chachiwiri: werengani dzina lonse, makamaka chilembo chakumapeto

Mawu oti i5 kapena i7 pawokha sanena zambiri. Nkhani yagona pa manambala ndi chilembo chotsatira, chifukwa chilembocho chimakuuzani magetsi amene pulosesa imadya, ndipo pafupifupi magetsi onse amene yadya amasanduka kutentha kumene laputopu iyenera kutulutsa.

Kwa Intel, kampani yopanga mapulosesa a Core, U ndi ya mawati 15 (mawati ndi muyezo wa mphamvu ya magetsi), yopangira malaputopu opyapyala. P, imene inali pa mbadwo wa 12 ndi 13, ndi ya mawati 28. H ndi ya mawati 45, ngakhale kuti pa Core Ultra, imene inayamba kutuluka mu Disembala 2023, ma H ambiri amayambira pa 28. HX ndi ya mawati 55, ndipo kunena zoona ndi pulosesa ya kompyuta yapatebulo imene aipanikizira mu laputopu. Kwa AMD, kampani yopanga mapulosesa a Ryzen, zilembo n'zofananako: U imayenda pakati pa mawati 15 ndi 28, HS nthawi zambiri imayambira pa 35, ndipo HX ndi imene imadya kwambiri.

Taonani mmene dzina limapusitsira. Core i7-1255U ili ndi ma core 10, kutanthauza timagawo ta pulosesa timene timagawana ntchito, koma awiri okha ndiwo amphamvu, asanu ndi atatu enawo ndi osunga magetsi. Core i5-12500H, ya chaka chomwecho cha 2022, ili ndi ma core 12, ndipo anayi mwa iwo ndi amphamvu. Pa ntchito yolemera i5 imeneyi imaisiya kutali i7 ija. Komanso i7-1255U ndi i5-1235U zili ndi ma core ofanana ndendende, kusiyana kwake ndi kaliwiro pang'ono chabe. Ineyo ndikapeza ziwirizi nditenga ya i5, ndalama zotsalazo n'kuziika pa RAM, memole imene kompyuta imasungiramo zimene ikugwira panthawiyo.

Pali nambala ina imene ogulitsa sakonda kutchula. Mawati tanenawa ndi oyambira chabe. Pulosesa ikapatsidwa ntchito mwadzidzidzi imaloledwa kudumpha malire kwa kanthawi: i5-1235U ya mawati 15 imatha kufika pa 55, ndipo i7-13700H ya mawati 45 imatha kufika pa 115. Manambala onsewa ali pa tsamba la Intel ndi la AMD, mungolemba dzina lonse la pulosesa. Kudumphaku n'kumene kumachititsa laputopu kuoneka yachangu mukamaiyesa kwa mphindi imodzi m'sitolo.

Ndi AMD samalaninso ndi mapulosesa a Ryzen 7000 a m'malaputopu, amene anatuluka cha mu 2023. Pamenepa nambala yoyamba imangonena chaka, pomwe yachitatu ndi imene imanena kapangidwe kamkati. Ryzen 5 7520U ndi ya Zen 2, kapangidwe ka 2019, ndipo ili ndi ma core anayi. Ryzen 5 7530U ndi ya Zen 3 ndipo ili ndi ma core 6. Ryzen 5 7640U ndi ya Zen 4. Maina akuoneka apachibale, koma zamkati zikusiyana ndi zaka zingapo, ndipo yatsopano imagwira ntchito yochuluka pa magetsi omwewo.

Chachitatu: yang'anani thupi la laputopu

Apa m'pamene pagona zonse. Pulosesa ili ndi malire a kutentha, pafupifupi madigiri 100 pa sikelo ya Celsius, ena kuchepera pang'ono, ena kupitirira. Ikayandikira pamenepo imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, monga mmene munthu wosenza katundu padzuwa amachepetsera mayendedwe kuti akafike. Kutero si kuwonongeka, ndi chitetezo. Koma tanthauzo lake n'lakuti liwiro limene munalipirira mumaliona kwa masekondi ochepa okha ngati zoziziritsira ndi zofooka. Komanso kampani iliyonse yopanga malaputopu imadziikira yokha malire a mawati malinga ndi thupi limene yapanga. Ndiye pulosesa imodzimodzi itha kupatsidwa mawati 25 mu laputopu yopyapyala, ina n'kupatsidwa 45 mu yonenepa.

Ngakhale makampani akuluakulu zimawagwera. Mu Julayi 2018 Apple inatulutsa MacBook Pro yokhala ndi Core i9 m'thupi lopyapyala kwambiri, ndipo oyesa anapeza kuti pa ntchito yaitali inkafooka mpaka kutsika pansi pa liwiro lake loyambira. Apple inavomereza kuti panali cholakwika mu pulogalamu yoyang'anira kutentha n'kutulutsa chokonzera. Mu 2020 kampani yomweyi inaika pulosesa imodzi, M1, mu MacBook Air yopanda fani ndi mu MacBook Pro yokhala ndi fani. Pa ntchito zazifupi zinali zofanana, koma ntchito ikatalika ya fani ija inkapitirira osafooka.

Choncho itembenuzeni laputopuyo. Onani kukula kwa timabowo tolowera mpweya kunsi, ndi kumene mpweya wotentha umatulukira: kumbuyo ndi m'mbali kuli bwino, pomwe kampata kobisika kamene kamauzira pa sikirini kamavutika kutulutsa. Fufuzani pa intaneti chithunzi cha mkati mwake ataitsegula, muwerenge mafani ndi timapaipi ta kopa tochokera pa pulosesa. Pulosesa ya U imakwanira ndi fani imodzi ndi kapaipi kamodzi. Ya H imafuna zoposa pamenepo, makamaka ngati mulinso khadi la zithunzi la Nvidia kapena AMD, chifukwa nthawi zambiri ziwirizi zimagawana mapaipi omwewo. Mukaona H kapena HX m'thupi lopyapyala la fani imodzi, ikayikireni.

Kenako werengani zimene oyesa apeza pa laputopu yeniyeniyo, osati pa pulosesa yokha. Tsamba la Notebookcheck, mwachitsanzo, limaonetsa mmene liwiro limatsikira ntchito ikabwerezedwa kambirimbiri, kutentha kwa pa kiyibodi ndi kunsi, komanso phokoso la fani. Kumbukiraninso kuti mayesowa amachitikira m'chipinda chozizira bwino. Malaputopu ambiri anapangidwa kuti azigwira ntchito pamalo osapitirira madigiri 35, ndiye ngati mumagwirira ntchito m'chipinda chotentha, laputopu yanu idzafika pa malire msanga kuposa ya woyesayo.

Chachinayi: musakakamire pulosesa imodzi

Mapulosesa ambiri atsopano amalengezedwa mu Januwale pa chionetsero cha CES ku Las Vegas, koma kulengeza si kupezeka. Pamatenga milungu, mwinanso miyezi, kuti malaputopu ake afike m'masitolo, ndipo mitundu ina siifika n'komwe m'maiko ena. Mafakitale opanga tizipangizoti ndi ochepa. TSMC ya ku Taiwan imapangira AMD, Apple, Qualcomm, ndiponso mapulosesa ena a Intel, kotero kukakhala mzere kumeneko onse amadikira. Tinaona mapulosesa a Intel akusowa mu 2018 ndi 2019, kenako pafupifupi chilichonse chinasowa mu 2020 ndi 2021 pa nthawi ya Covid-19.

Njira yake ndi iyi: sankhani gulu, osati dzina limodzi. Lembani mapulosesa atatu kapena anayi a mawati ofanana, ena a Intel ena a AMD, a chaka chino ndi a chaka chatha. Imene mwaipeza m'thupi loziziritsa bwino, tengani imeneyo. Ya chaka chatha musainyoze. Kusiyana kwa mbadwo umodzi nthawi zambiri n'kochepa, mavuto ake anadziwika kale n'kukonzedwa, ndipo fani, batire ndi chaja yake zimapezeka mosavuta. Kudikira yatsopano n'koyenera pokhapokha ngati laputopu imene muli nayo ikugwirabe ntchito.

Poitanitsa, funsani nambala yonse ya laputopuyo, imene imalembedwa kunsi kapena pa katoni. Dzina limodzi, monga ThinkPad E14 kapena Inspiron 15, limakhala ndi mapulosesa ambirimbiri osiyana malinga ndi chaka ndi dziko. Wogulitsa akakuuzani kuti imene mumafuna yatha koma ali ndi ina yofanana, bwererani ku chachiwiri chija mukawerenge dzina lake lonse.

Ogula yogwiritsidwapo kale ntchito adziwe kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya mbadwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena, pa malaputopu, Ryzen 3000 kupita m'tsogolo. Core i7 ya mbadwo wa 6 ingaoneke yokongola, koma yatsalira kale. Za pulosesa ya Snapdragon X ya kampani ya Qualcomm, zimene zinafika mu 2024, n'zozizira ndipo batire yake imakhalitsa, koma kapangidwe kake ndi ka Arm, kosiyana ndi ka Intel ndi AMD, ndiye tsimikizani kaye kuti mapulogalamu anu, pulinta yanu ndi magemu anu zimagwira pamenepo. Core Ultra 200V nayo n'njozizira, koma RAM yake ili pamodzi ndi pulosesa, magigabaiti 16 kapena 32, ndipo simungadzawonjezere.

Chachisanu: iyeseni nthawi yobweza isanathe

Laputopu ikafika m'manja, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, pitani pa Performance, muone ngati dzina la pulosesa ndi limene munagwirizana. Pomwepo palembedwanso liwiro lake loyambira, lisungeni.

Ikani HWiNFO, pulogalamu yoonetsa kutentha ndi liwiro la pulosesa, ndi Cinebench R23, yoipanikiza ndi ntchito yolemera, onse ndi aulere. Lumikizani chaja, ikani laputopu patebulo louma, tsegulani HWiNFO pa mbali ya masensa, kenako yambitsani mayeso a ma core onse mu Cinebench, amene amatenga mphindi 10. Mphindi yoyamba musaiwerengere. Kuona madigiri 90 kapena kuposerapo pa mayeso otere si chachilendo pa laputopu, musachite mantha. Chofunika ndi liwiro pa mphindi yachisanu ndi chitatu kapena yakhumi. Likatsika pang'ono n'kukhazikika pamwamba pa liwiro loyambira lija, zili bwino. Likatsika pansi pake, kapena likamakwera n'kugwa mobwerezabwereza, kapena laputopu ikazima yokha, ibwezeni. Ikani dzanja pa kiyibodi ndi pamene pamakhala zikhatho, mumvetsere fani, mudzifunse ngati mungapirire zimenezi tsiku lonse. Pa yogwiritsidwapo kale, onaninso ngati touchpad yatukuka kapena chivundikiro chakunsi chakankhika, chifukwa ndi chizindikiro cha batire yofufuma, ndipo kutentha n'kumodzi mwa zimene zimachititsa.

Mukakhala nayo

Musaiike pabedi kapena pa pilo, nsalu imatseka mabowo a mpweya. Kukweza kumbuyo kwake pang'ono kumathandiza kwambiri. Chotsani fumbi m'mafani nthawi ndi nthawi, ndipo pouzira mpweya gwirani fani kuti isazungulire. Pakapita zaka zingapo thermal paste, phala lopititsa kutentha limene lili pakati pa pulosesa ndi kopa, imauma, ndipo kuisintha kumatsitsa kutentha, koma ngati waranti ikadalipo asiyireni ovomerezeka ndi kampaniyo.

Ngati munagula kale yotentha, tsegulani pulogalamu ya kampani yake, monga Lenovo Vantage kapena MyASUS, musankhe kagwiridwe kachete kapena kapakatikati. Pa malaputopu ambiri a Windows mungathenso kupita ku Power Options mu Control Panel, pa Processor power management, n'kutsitsa Maximum processor state kuchoka pa 100 kufika pa 99. Kutero kumaletsa kudumpha malire kuja: liwiro lapamwamba limachepa, koma kutentha ndi phokoso zimatsika moonekeratu, ndipo tsiku limene muli ndi ntchito yolemera mungobweza pa 100.