Mafayilo opulumutsidwa asungeni pa diski ina

Recuva, pulogalamu ya pa kompyuta yopulumutsira mafayilo ofufutika, ikakuonetsani zithunzi zomwe zinafufutika pa memori khadi, musazibwezere pa khadi lomwelo. Fayilo iliyonse yolembedwapo imatha kukwirira ina yomwe simunaipulumutse, ndipo ikakwiririka, basi yapita.

Lumikizani flashi kapena hadi diski ina ya malo okwanira. Yambani kuchonga mafayilo a kadontho kobiriwira. A kofiira kawirikawiri amatuluka owonongeka. Dinani Recover, musankhe foda ya pa diski inayo. Flashi ikakhala yofomatidwa mu mtundu wa FAT32, vidiyo yoposa 4GB imakana kulowa, ndiye bola yofomatidwa mu mtundu wa exFAT.

Kuno ku Mangochi kutentha kwa Okutobala si kwamasewera. Laputopu ikhale pamthunzi, batire litadzadza, poti magetsi akathima ntchito imadukira panjira. Musanafomate khadilo, tsegulani zithunzi zingapo muone ngati zili bwinobwino.