"Kuyimira Mnzako" m'Malamulo a Banki Mkhonde

M'gulu lathu la banki mkhonde ku Nkhotakota, lamulo linkati: "Membala akhoza kuyimira mnzake amene sanabwere." Ena ankamva kuti woyimirayo angopereka masheya, ena ankati atha kutenganso ngongole m'dzina la mnzakeyo. Vuto limabuka pobweza. Mwini dzina akakana kuti sanatume munthu, gulu lilibe pogwira.

Tinaligawa lamulolo pawiri. Woyimira aloledwa kupereka masheya ndi kubweza ngongole, ndipo mlembi alembe dzina lake m'kaundula pambali pa ndalamazo. Koma kutenga ngongole, kuvota ndi kulandira ndalama pogawana kumafuna kalata ya mwiniwake, yotchula tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama, yosainidwa kapena kudindidwa chala pamaso pa mamembala awiri. Kalata imodzi, msonkhano umodzi basi. Uthenga wa pafoni tinaukana, chifukwa foni imabwerekedwa.