Mmene Msilamu Angakhalire Bwino Pakati pa Anthu a ku Japan

Msilamu amene akupita ku Japan kukaphunzira kapena kukagwira ntchito ayenera kudziwa kuti anthu ambiri kumeneko sanakhalepo pafupi ndi Msilamu. Mwa anthu oposa 120 miliyoni, Asilamu sakwana ngakhale theka la miliyoni, ndipo ochuluka ndi obwera kuchokera ku Indonesia, Pakistan ndi Bangladesh. Zambiri zimene anthu amadziwa za Chisilamu anazimva pa nkhani, makamaka mu 2015 pamene gulu la Islamic State linapha nzika ziwiri za dzikolo, Kenji Goto ndi Haruna Yukawa. Choncho mnzanu wa kuntchito akamakuzembani, musafulumire kunena kuti amakudani, pakuti kawirikawiri amakhala akuopa kukulakwirani.

Yambani ndi nkhani ya chakudya, ndipo muifotokoze msanga osadikira tsiku la phwando. Kungonena kuti simudya nkhumba sikokwanira, chifukwa msuzi wa ramen, chakudya chonga sipageti chodyera mu msuzi, nthawi zambiri amauphika ndi mafupa a nkhumba, ndipo mirin, chokometsera chamadzi chimene amathira m'ndiwo zambiri, ali ndi mowa. Anzanu akakuitanani kokamwa poweruka, zimene kumeneko zimamanga ubale wa pantchito, musangokana n'kukhala chete. Nenani chifukwa chake mwaulemu, kenako inuyo muwaitane ku futari m'mwezi wa Ramadani, kapena mupite nawo ku Tokyo Camii, mzikiti umene umalandira alendo osakhala Asilamu. Auzeninso za mzikiti wa ku Kobe umene unamangidwa mu 1935, kuti aone kuti Chisilamu sichinafike dzulo m'dziko lawo.

Za nthawi ya swala, makamaka Lachisanu, gwirizanani ndi abwana anu pasadakhale. Kumene mukukhala, anansi adzakuyezani ndi zinthu zooneka zazing'ono: kusiyanitsa zinyalala n'kuzitulutsa pa tsiku lake, kupewa phokoso usiku, ndi kuimika galimoto pamalo oyenera popita ku mzikiti.

Nkhani yolemetsa kwambiri, ndipo ine imandikhudza mtima, ndi ya maliro. Ku Japan pafupifupi mitembo yonse amaiwotcha, moti manda olola kukwirira thupi ndi owerengeka. M'tauni ya Hiji, m'chigawo cha Oita, Asilamu a mumzinda woyandikana nayo wa Beppu akhala zaka zambiri akupempha malo a manda, koma anthu ena akumeneko amakana poopa kuti madzi akumwa angaipitsidwe. Mukangofika, dzidziwitseni ku mzikiti umene muli nawo pafupi, mufunse kumene amaika maliro ndi ndalama zimene zimafunika, ndipo muuze abale anu ndi abwana anu zofuna zanu mudakali wathanzi.