Kuluka Ndolo ndi Zibangili za Lesi ya Mikanda Pogwiritsa Ntchito Singano

Luso lotchedwa tatting ndi njira yopangira lesi pomanga mfundo zing'onozing'ono pamwamba pa ulusi wina umene umadutsa m'kati mwake, ndipo mfundozo zikasonkhana zimapanga timikombero ndi timauta tolumikizana. Linafala ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800, makamaka Eleonore Riego de la Branchardière atayamba kusindikiza mabuku ake ophunzitsa lusoli ku London kuyambira m'chaka cha 1850. Oluka ambiri amakulunga ulusi pa kachipangizo kooneka ngati kabwato, koma njira ya singano, imene inatchuka pambuyo pake, ndi yosavuta kwa munthu wongoyamba kumene chifukwa mfundo iliyonse imaonekera pa singano isanatsekedwe ndipo ikalakwika imangovulidwa. Vuto lake ndi limodzi: singano ndi yonenepa kuposa ulusi umene umatsala m'malo mwake, choncho choluka chimatha kutuluka cholobodoka. Pa nsalu yapatebulo zimenezi sizidetsa nkhawa, koma ndolo yolobodoka imapindika ikangonyamula mikanda, ndipo pafupifupi zonse zimene ndifotokoze pano zikukhudza kulimbitsa ntchito kuti ipirire kulemera kumeneko.

Singano ya ntchito imeneyi ndi yaitali, yosasongoka, ndipo diso lake silitupa kuposa thupi lake, kuti mfundo zizitsetsereka popanda kukodwa. Singano yosokera zovala siithandiza chifukwa imanenepa cha kudiso. Manambala ake amayenda chonchi: nambala 5 imagwirizana ndi ulusi wa nambala 10, nambala 7 ndi ulusi wa 20 mpaka 40, ndipo nambala 8 ndi ya ulusi wopyapyala kuposa pamenepo. Pa ulusi ndi pa singano pomwe, nambala ikamakwera ndiye kuti chinthucho chikuwonda. Ine pa zodzikongoletsera ndimasankha singano yowonda kwambiri imene ulusi wanga ungalowe m'diso mwake, ngakhale kulowetsako kukhale kovutirapo, popeza mpata wotsala m'kati mwa mfundo umachepa ndipo mkombero umatuluka wolimba.

Ulusi ukhale wa thonje wopotedwa mothina ndi wosalala, wonga Lizbeth kapena DMC Cordonnet, umene uli ndi timaulusi 6 topotedwa pamodzi. Ulusi wa madoilo wofewa ndi waubweya umaphunzitsa bwino manja, koma sugwira maonekedwe ndipo umayamba kunyenyeka mukaukoka kangapo m'mfundo. Wongoyamba ayesere pa nambala 10 kuti aziona zimene zala zikuchita, kenaka apite pa nambala 20, imene ndimaiona yoyenera ndolo zambiri. Mikanda nayo ili ndi manambala ake: wa 11/0 ndi pafupifupi mamilimita 2, wa 8/0 pafupifupi 3, ndipo wa 6/0 pafupifupi 4. Ya ku Japan, monga Miyuki ndi Toho, imadziwika ndi kufanana kukula ndiponso mabowo otakasuka, pomwe ya Preciosa ya ku Czech Republic ndi yobulungira mosalala. Mikanda yoyezedwa pa kasupuni pamsika imagwiranso ntchito malinga mwakhala pansi n'kuisankha, kuchotsa yopotoka ndi yamabowo akuthwa amene amadula ulusi. Musanailuke, viikani ingapo m'madzi ofunda a sopo n'kuipukuta pa nsalu yoyera. Ndinalukapo mkanda wa m'khosi wa ulusi woyera ndi mikanda yofiira imene ndinagula osaiyesa, ndipo mwini wake atauvala tsiku limodzi la dzuwa la mu Okutobala, thukuta linasukulutsa utoto n'kuthimbiriritsa lesi yonse, ntchito ya masabata awiri n'kupita pachabe. Mufunikanso sizasi yaing'ono, kasingano kambedza kolukira ka mamilimita 0.5 kapena 0.6, mapini, pulayazi, timphete tachitsulo tolumikizira, ndi tingowe ta ndolo.

Mikanda imalowa pa ulusi mfundo yoyamba isanamangidwe. Ya 11/0 siidutsa pa singano yolukira, choncho pakani nsonga ya ulusi kyutekisi kapena guluu pang'ono, iume ikhale ngati kaminga, ndipo tolani mikanda ndi nsongayo n'kuikankhira cha ku mpukutu. Kumbukirani kuti mkanda umene walowa poyamba umapita kutali ndipo udzagwiritsidwa ntchito pomalizira, motero ngati mitundu ili ndi ndondomeko yake, muilowetse chobwerera kuyambira kumapeto a chojambula chanu. Ndi bwino kuyamba ndi mikanda khumi yapadera, chifukwa yotsala siivutitsa pomwe yopereweza imakukakamizani kudula ulusi. Njira ina imene ndimaikonda ndi kudula mamita anayi kapena asanu pa mpukutu n'kuwakulunga pa kakatoni, kuti nsonga inayo ikhale yopezeka ndikafuna kuwonjezera. Mukatha, lowetsani nsonga m'diso la singano ndipo siyani pafupifupi masentimita 50 pakati pa diso ndi pamene muyambire, mikanda yonse ili mbali ya mpukutu.

Mfundo yake ndi imodzi yokha, ndipo ili ndi magawo awiri. Gwirani singano ndi dzanja lamanja, chala cholozera chitapanikiza ulusi wochokera ku mpukutu pa singanoyo. Ndi dzanja lamanzere kulungani ulusi kamodzi pa chala cholozera, lowetsani singano m'khwekhwe limenelo, vulani chala, ndipo kokani kuti khwekhwelo ligwire singano. Gawo lachiwiri ndi lomwelo koma ulusi ukukulungidwa mbali yosiyana. Mukaiyang'ana pafupi mfundo yomalizidwa, imaoneka ngati kabudula wamng'ono: timiyendo tiwiri takwera singano ndipo kalamba kadutsa pamwamba pake. Timalamba tonse tiyenera kufola mzere umodzi. Mukaona mzerewo ukuzungulira singano ngati nyemba pa phesi la chimanga, ndiye kuti mwabwereza gawo limodzi kawiri. Mfundo zigwire singano mothina ndithu, koma osati mpaka kulephera kusuntha mukazikankha ndi chikhadabo.

Kakhutu, kamene mabuku a Chingerezi amakatcha picot, ndi kampata ka ulusi kosiyidwa pakati pa mfundo ziwiri. Mukakankhira mfundo yachiwiri pafupi ndi inzake, ulusiwo umatukuka n'kukhala kakhwekhwe. Timakutu timakongoletsa, timalumikiza zigawo, ndiponso ndi timene timanyamula mikanda. Pa zodzikongoletsera, kakhutu kolumikizira kakhale kakang'ono kwambiri, kongokwanira kuti kambedza kalowe, popeza timakutu titalitali timachititsa zigawo kugwedezeka. Kuti mutseke mkombero, gwirani mfundo zonse pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, kokani singano idutsemo yonse, ndipo ulusi ukatsala pang'ono kutha mudzaona khwekhwe kumapeto. Lowetsani singano mmenemo, pitirizani kukoka mpaka mbali ziwiri zikumane, ndipo mangani mfundo wamba imodzi ndi ulusi wa ku mpukutu. Uta umapangidwa chimodzimodzi koma singano siilowa m'khwekhwe lija, choncho mfundo zimangopindika osatsekeka. Apa ndi pamene kulimba kwa ntchito kumachokera. Musanamange mfundo yotsekera, kankhirani mfundo zonse pamodzi ndi chikhadabo n'kukokanso ulusi wam'kati kachiwiri, ndipo mudzadabwa kuona kuti munali mpata wa mamilimita awiri kapena atatu umene maso sanauone.

Zolemba za lusoli zimagwiritsa ntchito zilembo zochepa zimene ndi bwino kuzizindikira: R ndi mkombero, Ch ndi uta, ds ndi mfundo, kamzere kapena p ndi kakhutu, chizindikiro cha kuphatikiza ndi polumikiza, ndipo RW akutanthauza kutembenuza ntchito musanayambe gawo lotsatira. Motero R 4-4-4-4 ndi mkombero wa mfundo 16 wokhala ndi timakutu titatu.

Ndolo yoyamba ikhale duwa la mikombero isanu, pa ulusi wa 20 ndi singano ya 7. Lowetsani mikanda 16 ya 11/0 motere: itatu yoyera, isanu yobiriwira, isanu yobiriwira, itatu yoyera. Mkombero woyamba ndi wapamwamba ndipo ulibe mkanda: mfundo 4, kakhutu, 4, kakhutu kokulirapo kodzakolekapo kamphete, 4, kakhutu, 4, tsekani. Wachiwiri uyambire pomwepo popanda kusiya mpata. Mangani mfundo 4, kenaka lumikizani ku kakhutu komaliza ka mkombero woyamba polowetsa kambedza m'kakhutuko, kukoka ulusi wa ku mpukutu, kuuveka pa singano ndi kuuthinitsa. Mangani zina 4, sendezani mikanda itatu ifike pa singano mogundana ndi mfundo yomaliza, ndipo mfundo yotsatira muimange mothina kuti pasaoneke ulusi wamaliseche m'mbali mwa mikanda. Malizani 4 zimenezo, kakhutu, 4, tsekani. Mikanda itatu imadziyala yokha ngati kansonga, umodzi pamwamba iwiri m'munsi, ndipo ndicho chifukwa chake manambala osagawika pawiri amaoneka bwino pa kakhutu. Wachitatu ndi wachinayi ndi chimodzimodzi koma ndi mikanda isanu. Wachisanu, wa mikanda itatu, umalumikizidwa kawiri, kwa wachinayi poyamba ndiponso, m'malo mwa kakhutu komaliza, ku kakhutu koyamba ka mkombero woyamba, ndipo poteropo onetsetsani kuti duwa silinapotoke. Lukani ndolo yachiwiri tsiku lomwelo, pakuti dzanja silikoka mofanana masiku onse ndipo ndolo ziwiri zosiyana kukula zimaonekera msanga zikakhala pa nkhope imodzi.

Pali njira zina ziwiri zoikira mkanda. Woyenera kukhala pakati pa zigawo ziwiri umavekedwa pa kakhutu katali: ikani mkanda pa kambedza, kolani kakhutu, tsetserezani mkandawo ulowe, ndipo kolekani kapini kuti usavuke kufikira nthawi yolumikiza. Woyenera kukhala mu mzere wa mfundo zenizenizo umalowetsedwa pa singano pakati pa mfundo ziwiri, koma bowo lake liyenera kudutsa diso la singano pamodzi ndi ulusi wopindidwa, choncho yesani musanayambe. Wa 6/0 nthawi zambiri umadutsa.

Mukafuna kupanga chojambula chanuchanu, yambani pa pepala, mukujambula mikombero ndi mauta ndi kulemba chiwerengero cha mfundo pakati pa timakutu, kenaka tsatirani njira ya ulusi ndi pensulo kuti muone ngati mungathe kumaliza popanda kudula. Lukani kachitsanzo ndi ulusi wotsala musanawononge mikanda yabwino, ndipo kayaleni patebulo. Kakatukuka ngati mbale, mzere wakunja ndi waufupi ndipo ufunika mfundo zoonjezera pa mauta. Kakachita mafunde m'mphepete, mfundo zachuluka. Sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi n'kulemba zimene mwasintha. Mkanda umatenga malo, wa 11/0 pafupifupi ngati mfundo imodzi ya ulusi wa 20, motero chojambula chimene chinagona bwino chopanda mikanda chingathe kuchita mafunde mukaiwonjezera. Kulemera kukhale m'munsi ndi pakati, ndipo mkanda waukulu wolendewera usapachikidwe pa kakhutu kamodzi kokha, chifukwa m'kupita kwa miyezi kamatanuka. Ndimaonanso kuti anthu ambiri amadzaza mikanda pa kakhutu kalikonse mpaka lesi kubisika, pomwe kukongola kwa ntchitoyi kuli m'mipata imene khungu limaonekera.

Chibangili chimalukidwa mosinthanitsa mkombero ndi uta mpaka kutalika kwakwana, kenaka n'kubwerera mbali inayo mukulumikiza ku timakutu ta mzere woyamba kuti chikhale ndi msana wolimba. Yezani dzanja ndi chingwe, onjezerani sentimita imodzi ndi theka, ndipo chotsanipo kutalika kwa chotsekera. Popeza ulusi wa ku singano ndi umene umadyedwa ndi m'kati mwa mfundo, siyani wokwana mita imodzi kapena kuposerapo. Malo amene chibangili chimayamba kuduka ndi pa chotsekera, choncho m'malo mokoleka kamphete pa kakhutu, mangani mfundo zingapo mozungulira kamphete kachitsuloko kuti kulemera kugawike pa ulusi wambiri. Potsegula kamphete ndi pulayazi, potolani nsonga imodzi kutsogolo ina kumbuyo, osakang'amulira m'mbali, kuti kadzatsekeke popanda mpata umene ulusi ungapulumukire. Tingowe totsika mtengo kawirikawiri timakhala ndi nickel, amene amayabwitsa makutu a anthu ambiri, ndipo ngati mukulukira wina ndi bwino kufunafuna tachitsulo chosachita dzimbiri kapena tasiliva tolembedwa 925.

Mukamaliza, mangani mfundo kuseri, lowetsani nsonga iliyonse m'singano yosokera yopyapyala, isokereni pansi pa timalamba ta mfundo zinayi kapena zisanu, nsonga ziwirizo zikulowera mbali zosiyana, ndipo dulani pafupi. Nyowetsani ntchitoyo, ifinyeni m'kathaulo, iyaleni pa katoni yokutidwa ndi pulasitiki, ndipo khomani mapini osachita dzimbiri m'timakutu kuti iume ili m'maonekedwe amene mukufuna. Ngati ikufunikabe kuuma gwa, sakanizani guluu woyera wa matabwa ndi madzi muyezo wofanana, pakani kuseri kokha ndi kaburashi, ndipo pukutani mikanda nthawi yomweyo ndi kansalu konyowa chifukwa guluu akaumirapo amaiphimba kuwala. Madzi a shuga amaumitsanso koma amaitana nyerere, ndipo sitachi imafewa nyengo ya dzinja. Zomalizidwa muzisunge zitagona m'kabokosi kouma, kutali ndi mafuta odzola ndi perefyumu, ndipo zikada muzichape m'manja ndi madzi ozizira a sopo wochepa n'kuziyalanso pa mapini monga poyamba.