Kapangidwe ka modal yokwera kuchokera pansi mu Flutter, yoti isamadukize pa ma itel

Amene mukupanga ma app ndi Flutter (chida cha Google chopangira ma app) kuno ku Lilongwe mukudziwa kale kuti ma kasitomala ambiri ali ndi itel kapena Tecno, osati iPhone, ndiye animation iliyonse muziyipanga mukuganizira mafoni amenewo. Tiyeni titenge ka screen kofunsa munthu ngati alipire pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, tikufuna kakwere kuchokera pansi, kumbuyo kude pang'ono; ka screen kotere ndi komwe timati modal.

showModalBottomSheet ilipo kale ndipo ngati ikukukwanirani igwiritseni ntchito basi, koma mukafuna kayendedwe kanukanu pitani pa showGeneralDialog. Mu pageBuilder yake mumaika zooneka za modal, ma batani ndi mawu, ndiye kayendedwe kamapita mu transitionBuilder. Zomwe zili mu pageBuilder muzikute ndi Material, mukapanda kutero mawu onse atuluka ndi mizere iwiri yachikasu pansi pake, mpaka muganiza kuti font yawonongeka. Kuti kakhale pansi ikani Align ndi Alignment.bottomCenter.

Mu transitionBuilder mukupatsidwa animation yochoka pa 0 kufika pa 1, komanso child, yomwe ndi zija munaika mu pageBuilder. Bwezani SlideTransition yokhala ndi Tween ya Offset(0, 1) mpaka Offset.zero. Apa 1 ameneyu si pixel imodzi ayi, ndi kutalika konse kwa child, ndiye ka modal kamayambira kunja kwa screen kenako kukwera. Animation yosakonza imayenda liwiro limodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto, imaoneka yowuma, ndiye ikuteni ndi CurvedAnimation, curve ikhale Curves.easeOutCubic kuti kabwere mwachangu nkumachepetsa liwiro pofika, reverseCurve ikhale Curves.easeInCubic ya potseka. Child yemwe mwapatsidwayo mungomuika mmenemo osamupanganso, chifukwa transitionBuilder imaitanidwa pa frame iliyonse, kutanthauza nthawi iliyonse screen ikajambulidwanso.

transitionDuration mukaisiya imakhala 200 milliseconds. Ine ndimakonda pakati pa 250 ndi 300, kupitirira pamenepo munthu amene akulipira tsiku ndi tsiku atopa nako. Mukaika barrierDismissible kukhala true kuti munthu akadina pambali katsekeke, barrierLabel nayonso ndi yofunika, mukaiwala mulandira error ya assertion pompo mu debug mode.

Nkhani yaikulu ili apa tsopano. Screen ya 60Hz ikukupatsani pafupifupi 16 milliseconds pa frame imodzi, mukapyola ndi pomwe zimayamba kudukizadukiza. Chimene chimadya nthawi kwambiri ndi BackdropFilter, ija yopanga blur kumbuyo, pa Figma imaoneka bho koma pa foni ya 2GB RAM ndi katundu wolemera, bola barrierColor yakuda yoonekera mkati. Kuitana API yofufuza balance nthawi yomweyo modal ikukwera nakonso kumadukizitsa, ngati pali JSON yambiri yoti iwerengedwe, dikirani kaye kafike kenako muitane.

Poyesa musadalire emulator kapena debug mode, debug imachedwa mwachibadwa ndipo ikunamizani. Lumikizani foni yeniyeni, yotchipa ija ya mng'ono wanu, mulembe flutter run --profile nkuona ma frame mu DevTools. Mukafuna kuona kayendedwe pang'onopang'ono ikani timeDilation = 5.0, yochokera mu scheduler.dart, koma muichotse musanapange release. Dinaninso batani la back la Android muone ngati kakutsika bwino, komanso onani MediaQuery.of(context).disableAnimations, ikakhala true munthuyo anazimitsa ma animation mu settings, mupatseni Duration.zero kangotuluka basi.