Sleeping bag ya nthenga kapena ya poliyesita: momwe mungasankhire paulendo wautali wa panjinga

Musanafunse mtengo wa sleeping bag, thumba lofunda logonamo paulendo, dziwani kaye komwe mudutse ndi mwezi wake. Wokwera ku Nyika mu June, komwe usiku kumagwa chisanu, zofuna zake n'zosiyana ndi za wopalasa mumsewu wa M5 m'mbali mwa nyanja mu January, mvula ili pakati.

Ya nthenga, imene pachizindikiro amalemba kuti down, amaikamo nthenga zofewa za kunsi za atsekwe kapena abakha. Ndi yopepuka, ndipo mukaifinya imachepa kwambiri, moti m'chikwama cha pakeriya mumatsala malo a chakudya ndi masipanala. Yang'anani nambala ya fill power, yosonyeza mmene nthengazo zimafufumira: 600 ndi yabwino ndithu, koma 800 imafunditsa chimodzimodzi ndi nthenga zochepa. Mdani wake ndi madzi. Ikanyowa, nthengazo zimamatana n'kusanduka timibulu, mpweya wosunga kutentha umathawa, ndipo kuti iume pamafunika dzuwa la nthawi yaitali. Si mvula yokha ayi: chinyezi cha m'tenti chimaipha pang'onopang'ono ngati mumaipinda m'mawa uliwonse isanaume.

Ya poliyesita ndi yolemerapo, imadya malo, ndipo ulusi wake umafooka msanga chifukwa chofinyidwa kawirikawiri. Koma ndi yotsika mtengo, imauma mwachangu, ndipo imafundabe ngakhale itachita chinyezi. Paulendo wa dzinja, tengani imeneyi osakayika. Nyengo yozizira youma, m'mapiri, ya nthenga ndiyo imaposa.

Kenako werengani manambala a kutentha. Muyezo wa padziko lonse wa ISO 23537 umapereka manambala atatu: comfort, limit ndi extreme. Khulupirirani ya comfort, yosonyeza kuzizira komwe mungagonemo bwinobwino. Ya extreme ikungotanthauza kuti mungapulumuke usikuwo, osati kugona tulo.

Musaiwale kamatiresi. Mbali ya sleeping bag imene mwaigonera imaphwatalala, ndiye kuzizira kumalowera pansi, kaya thumbalo ndi lodula bwanji.

Ngati mukugula pa kaunjika, ikwezeni padzuwa. Pamene kuwala kukudutsa kwambiri ndi pamene zam'kati zatha kapena zasunthira kumbali. Tsekulani ndi kutseka zipi kangapo, nununkhizani ngati muli fungo la nkhungu.

Polongedza, iikeni m'thumba losalowa madzi kapena m'pulasitiki wolimba musanailowetse m'chikwama. Popuma masana, iyanikeni panjinga pomwepo. Mukafika kunyumba musaisiye yofinyidwa. Ipachikeni kapena muisunge m'thumba lalikulu lansalu pamalo ouma.